Likoma ndi Chizumulu: mafunso ndi mayankho okhudza zilumba za pakati pa nyanja

Amalawi ambiri amadziwa Likoma ngati boma laling'ono kuposa onse m'dziko muno, lija timaloweza kupulayimale, koma amene anapondako ndi ochepa. Za Chizumulu ndiye ena sadziwa n'komwe kuti kumakhala anthu, kuli midzi, sukulu ndi manda a makolo. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakonda kufunsa okhudza malowa, maonekedwe ake, ndi mmene miyala, mphepo ndi madzi zimalamulira moyo wa kumeneko.

Kodi zilumbazi zili pati kwenikweni?

Zili m'nyanja ya Malawi, kum'mawa kwa Nkhata Bay, koma zinatsamira kwambiri ku gombe la Mozambique. Kuchokera ku Nkhata Bay kukafika ku Likoma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70 wa madzi okhaokha. Kuchokera ku Likoma kukafika ku Cobué, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, sipakwana makilomita 10. Munthu ukaima pagombe la kum'mawa kwa chilumbachi umaona bwinobwino mapiri a ku Mozambique, ndi utsi wa moto wa tchire ukamafuka m'chilimwe. Kumtunda kwa Malawi kumangooneka mwa apo ndi apo, tsiku limene kumwamba kwayera.

Likoma ndi chachikulu pa ziwirizi, masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo munthu wamphamvu zake angathe kuchiyenda kuchokera kumpoto kukafika kumwera tsiku lisanapendeke. Chizumulu chili cha kumadzulo kwake, ndipo n'chaching'ono kwambiri. Pa kalembera wa mu 2018, boma lonse la Likoma, zilumba zonse ziwiri pamodzi, linapezeka ndi anthu 14,527.

Nanga zinatheka bwanji kuti zikhale za Malawi pomwe zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique?

Yankho lake lili ku mishoni. Amishonale a Anglican a bungwe la Universities' Mission to Central Africa, limene linakhazikitsidwa potsatira pempho la David Livingstone, anafika pa Likoma cha m'ma 1885 n'kupanga chilumbachi kukhala likulu lawo la kunyanja. Mayina odziwika pa nthawiyo ndi William Percival Johnson ndi Chauncy Maples. Chilumba chinawakomera chifukwa chinali chotetezeka ku nkhondo ndi malonda a akapolo amene ankasautsa anthu kumtunda, komanso chinali pabwino poti n'kumafikira midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima.

Pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, gombe la kum'mawa linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizi zinatsalira m'manja mwa Angelezi chifukwa cha mishoniyo. Mu 1954 mayiko awiriwa anagwirizananso zosuntha malire kuwaika pakati pa nyanja, ndipo zilumbazi zinakhalabe za Nyasaland ngakhale madzi ozizungulira anakhala a Mozambique. Ndi mmene zilili mpaka lero. Kwa zaka zambiri zinali pansi pa boma la Nkhata Bay, kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinakhala boma paokha.

Malire a papepalawa sanadule ubale. Mabanja ambiri a pa Likoma ali ndi abale kutsidya, amalankhula Chinyanja chimodzi, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ambiri anathawira pa chilumbachi.

Munthu akamayandikira pa sitima, choyamba kuona n'chiyani?

Matanthwe ndi milambe. Poyamba chilumba chimaoneka ngati chingwe chakuda pamwamba pa madzi, kenako pamatuluka zitunda zazifupi, zotuwa m'chilimwe, zobiriwira m'dzinja. Ukafika pafupi ndi pamene umaona kuti gombe lake silowongoka. Ndi lokhotakhota, timadoko tating'ono tamchenga totsekeredwa mbali zonse ziwiri ndi miyala ikuluikulu yosalala, ina yosanjikizana ngati kuti wina anachita kuiyala. Kuseri kwa mchenga kuli mitengo ya mango, pansi pa mangopo nyumba, ndipo pamwamba pa zonsezi pamaima milambe.

Chimene chimadabwitsa munthu wozolowera nyanja ya ku Salima kapena ku Mangochi ndi kuyera kwa madzi. Palibe mtsinje waukulu wothira matope pafupi, ndiye pansi pa nyanja pamaoneka ngakhale pakuya ndithu. Pamchenga madzi amaoneka obiriwira mopepuka, pamiyala amaderako, ndipo patsogolo pang'ono, pamene pansi patsetsereka mwadzidzidzi, amasanduka abuluu wakuda.

N'chifukwa chiyani kuli miyala yambiri chonchi?

Nyanja ya Malawi inakhala m'chigwa chachikulu chimene chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira, chigwa chomwe chimadutsa m'mayiko angapo a kum'mawa kwa Africa. N'chifukwa chake nyanjayi ndi yaitali, yopapatiza ndiponso yakuya kwambiri, mamita oposa 700 kumpoto kwake. Zilumbazi ndi nsonga za miyala yakalekale yolimba imene inatsala pamwamba pomwe malo ozungulira anamira. Dothi limene lilipo linachokera ku miyala yomweyo itafumbutuka pang'onopang'ono, ndiye ndi lamchenga, losazama, losasunga madzi. Khasu silipita patali lisanagunde mwala.

Midzi yake inamangidwa motani?

Inatsata madoko. Paliponse pamene pali mchenga wokokerapo bwato ndi malo obisalira mphepo, pamenepo pali mudzi. Pa Likoma pali midzi monga Makulawe kumpoto, Nkhwazi kumwera, Mbungo, Khuyu, Ulisa, Yofu ndi Madimba, ndipo pakati, cha kum'mawa, pali Mbamba, pamene pali msika, masitolo ndi doko lalikulu. Chapamtunda pang'ono ndi ku Chipyela kumene kuli tchalitchi ndi chipatala cha St Peter's. Mfumu yaikulu ya zilumbazi ndi Mkumpha.

Mudzi wa pachilumba ukauyang'anitsitsa umaona kuti unayalidwa mwadongosolo lake. Kumadzi kwenikweni kuli mabwato ndi maboti amatabwa. Pamchenga pali matandala oyanikapo usipa, ndi maukonde otambasulidwa, abambo atakhala pamthunzi akusoka pong'ambika. Kenako nyumba, zambiri za njerwa, zina za maziko a miyala yotoledwa pomwepo. Kuseri kwa nyumba kuli timinda ta chinangwa tokwera chitunda mpaka pamene dothi lathera. Khomo la moyo wonse limayang'ana kunyanja: kumeneko n'kotunga madzi, kochapa, kotsuka mbale, kosamba, koviika chinangwa, ndipo nkhani za m'mudzi zimamvekera komweko. Malo osambira amayi ndi abambo amakhala osiyana, ndipo mlendo amayenera kufunsa asanavule malaya.

Misewu ndi yochepa, magalimoto ndi owerengeka. Anthu amayenda pansi, pa njinga yamoto, kapena amazungulira pa boti.

Chizumulu chimasiyana bwanji ndi Likoma?

Likoma ndi chotambalala, cha zitunda zazifupi. Chizumulu ndi mapiri awiri otuluka m'madzi, ndi kachidikha kakang'ono kamene anthu anamangapo. Chinangwa chimakwera m'mphepete mwa mapiriwo, pamwamba pake pali tchire ndi mitengo. Midzi yodziwika ndi Same ndi Chiteko. Njira zake n'zapansi, zodutsa pakati pa nyumba ndi minda, ndipo ukhoza kuzungulira chilumba chonse m'maola ochepa chabe. Chitonga chimamveka kwambiri kuno kusiyana ndi pa Likoma, chifukwa ubale wa anthu ake unakokera ku Nkhata Bay.

Kwa ine, amene akufuna kumvetsa tanthauzo la kukhala pakati pa nyanja apite ku Chizumulu. Pa Likoma ukhoza kuiwala kwa kanthawi kuti uli pachilumba, ukakhala pamsika kapena m'bwalo la tchalitchi. Pa Chizumulu sizitheka. Ukakwera phiri, madzi amaoneka mbali zonse, Likoma chili apo, mapiri a Mozambique kuseri kwake, ndipo kumadzulo kulibe kanthu koma nyanja mpaka pamene dzuwa limalowera. Kukongola kumeneku kuli ndi mtengo wake. Wodwala kwambiri, mayi amene uchembere wamuvuta, mwana wopita kukalemba mayeso kwina, onsewa amadalira boti ndi nyengo. Anthu a pa Chizumulu amatchulidwa mochepa ngakhale pokamba za boma lawo lomwe, ndipo zimenezi si zoyenera.

Bwanji milambe ndi mango zili paliponse?

Mlambe umakonda malo otentha, ouma, a m'munsi, ndipo umasunga madzi m'thunthu lake, choncho dothi losauka la pachilumba silimauvuta. Komanso mlambe sukhala nkhuni zabwino kapena matabwa, ndiye pamene mitengo ina inkadulidwa, iwo unkatsala. Ina ndi yakale kwambiri moti inaona mishoni isanabwere. M'chilimwe imayoyola masamba onse n'kungotsala nthambi, malambe ali lendelende.

Mango anachita kubzalidwa, ndipo anakula mpaka kuphimba midzi. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale amapsa ochuluka kuposa mmene anthu angadyere, nthawi yomwe chakudya china chimachepa m'nyumba. Mthunzi wake ndiwo bwalo la milandu, posokera ukonde, ndi poyeserera magule a malipenga ndi chioda.

Nkhuni ndiye vuto. Anthu ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndipo mitengo yachilengedwe inatha kale m'malo ambiri. Nkhuni, makala, nsungwi ndi udzu wofolera zambiri zimawoloka kuchokera ku Mozambique pa maboti a matanga.

Kumalimidwa chiyani?

Chinangwa, ndipo nsima ya kumeneko ndi kondowole. Chimanga sichichita bwino m'dothi lotere, kotero ufa wambiri, shuga, mafuta, simenti ndi malata zimabwera pa sitima kuchokera ku Nkhata Bay, zina kutsidya. N'chifukwa chake katundu amakwera mtengo, ndipo sitima ikawonongeka masabata angapo, mashelufu a m'masitolo amayamba kuoneka matabwa. Mvula imagwa kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, koma siichuluka ngati ya ku Nkhata Bay, kumene mapiri amaikoka. Munda weniweni wa anthu a pachilumba ndi nyanja.

Anthu amakamba kwambiri za mwera. Kodi ndi woopsa motani?

Mwera ndi mphepo ya kumwera, imene imalimba m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kupitirira. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550 kuchokera kumwera kufika kumpoto, ndipo mwera umayenda motsata utali umenewu popanda chouletsa. Pofika pa Likoma umakhala utasonkhanitsa mafunde aakulu oti boti laling'ono silingalimbane nawo. Ukhoza kuwomba masiku angapo osaleka. Masiku amenewo asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndiwo zimasowa, ndipo ulendo wa pakati pa Likoma ndi Chizumulu umaimitsidwa ndi aliyense wanzeru.

Palinso mpoto, wochokera kumpoto, umene umabwera nthawi ya mvula, kawirikawiri mwadzidzidzi ndi mabingu, ndi vuma wochokera kum'mawa. Msodzi wa kumeneko amadziwa doko loti athawireko pa mphepo iliyonse, chifukwa mbali imene yatetezeka ku mwera ndi yomwe imamenyedwa ndi mpoto. Amawerenga mitambo ya pamwamba pa mapiri a Mozambique, mtundu wa madzi patali, ndi mmene m'mawa mwazizirira. Mlendo akauzidwa kuti lero sitiwoloka, asakakamize ndi ndalama. Chauncy Maples yemwe, atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, anamira m'nyanjayi boti lake litagubuduzika ndi namondwe, asanabwerere n'komwe pa chilumbachi, ndipo anaikidwa ku Nkhotakota.

Nanga utsi umene umaoneka ukufuka pakati pa nyanja ndi wa chiyani?

Si utsi, ndi nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono. Mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya, ndipo zikakhwima zimatuluka pamodzi zosawerengeka, makamaka mwezi ukakhala watsopano m'nyengo ya mvula, n'kupanga mizati yakuda yotalika kwambiri pamwamba pa madzi. Woiona koyamba amaganiza kuti sitima ikupsa. Mphepo ikaikankhira kumtunda imadzaza m'mitengo ndi m'makoma, ndipo amayi amaikola ndi malichero kapena madengu, n'kuiumba timikate touma tochita ndiwo. Usipa ndi utaka nazonso zimadya tizilombo tomweti, choncho nkhungu ndi gawo la chakudya cha nyanja yonse.

Usiku pamadzi pamaoneka nyali zambirimbiri. Amakhala akutani?

Amakhala akupha usipa. Usiku wopanda mwezi, gulu la asodzi limapita ndi boti ndi mabwato. Mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato lokhala ndi nyali zowala kwambiri, ndipo usipa umasonkhana pansi pa kuwalako. Akaona kuti wachuluka, anzake amazunguliza ukonde wa chilimira n'kukoka. Kale nyalizi zinali za palafini, masiku ano ambiri akugwiritsa ntchito mababu a batire. Ukaima pachitunda usiku wotere, nyali zimandandalika m'chizimezime moti sudziwa pamene pathera nyanja ndi pamene payambira nyenyezi. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndipo asodzi amapuma.

Utaka umaphedwa ndi chilimira chomwecho pa miyala ya pansi pa madzi imene asodzi amaitcha virundu. Malo amenewa saoneka pamwamba. Msodzi amawapeza poyang'ana zizindikiro za kumtunda, monga mlambe wakuti ukalunjikana ndi nsonga ya phiri lakuti, ndipo nzeru imeneyi amaphunzira kwa atate kapena amalume ake ali mnyamata. Mapu a chilumba amene ali m'mutu mwa msodzi ndi aakulu kuposa a papepala, chifukwa amaphatikizapo mapiri ndi zigwa za pansi pa nyanja.

M'mawa gombe limadzaza. Amayi ogula nsomba amadikira ndi mabeseni, usipa umayalidwa pa matandala, ndipo wouma umapakidwa m'matumba kudikira sitima yopita nawo ku Nkhata Bay, kuchoka apo ku Mzuzu ndi kwina. Asodzi achikulire amadandaula kuti nsomba zachepa poyerekeza ndi kale, ndipo amaloza kuchuluka kwa maukonde ndi kugwiritsa ntchito ukonde wa maso aang'ono, ngakhale maneti a udzudzu, amene amakokolola ndi tiana tomwe.

Pansi pa madzi pali chiyani choti munthu n'kuona?

Mbuna, tinsomba ta m'miyala ta mitundu yowala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina. Mbuna sizikonda kuwoloka pamchenga kapena pakuya, zimakhala pa miyala yomwe zinabadwira, choncho m'kupita kwa zaka gulu lililonse linasintha palokha. N'chifukwa chake pali mitundu ina yopezeka pa Likoma pokha kapena pa Chizumulu pokha, ndipo osunga nsomba m'magalasi ku Ulaya amaidziwa ndi mayina a malowa. Zambiri mwa nsombazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwa mayi. Safunika kupita patali wofuna kuziona, galasi losambirira ndi madzi ofika m'chiuno n'zokwanira.

Kumtunda kwa miyala kumapezeka ng'azi zikuwothera dzuwa, akatumbu nthawi zina, ndi nkhwazi imene kulira kwake kumamveka m'mawa uliwonse.

Tchalitchi chachikulu chija chinapezeka bwanji pa chilumba chaching'ono chotere?

Tchalitchi cha St Peter's chinayamba kumangidwa mu 1903, chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1905, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Amene anajambula mapulani ake ndi Frank George, ndipo amene ananyamula miyala ndi kuumba njerwa ndi anthu a pachilumba ndi a m'mbali mwa nyanja. Chinakula chonchi chifukwa sichinamangidwire Likoma chokha. Chinali likulu la dayosizi yofika kutsidya konse la nyanja, kumene ansembe ankayendera pa sitima ya mishoni. Malo amene chinamangidwapo, Chipyela, ndi pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishonale anasankha dala pamenepo. M'kati muli mtanda wopangidwa ndi thabwa la mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake panakwiriridwa mtima wa Livingstone.

Mishoni yomweyi inabweretsa sukulu msanga, kwa anyamata ndi atsikana omwe, ndipo kwa nthawi yaitali Likoma chinkadziwika ndi anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Ambiri anatuluka kukagwira ntchito za uphunzitsi, unamwino ndi ukalaliki kumtunda ndi m'mayiko oyandikana nawo, poti chilumba sichikanatha kuwadyetsa onse.

Kodi n'kosambirika?

Inde, m'malo ambiri. Ng'ona sizichuluka ngati kumathiriro a mitsinje kumtunda, koma zimaonekako, ndiye funsani eni mudzi, ndipo musasambe usiku kapena m'mabango. Likodzo liliko m'nyanja ya Malawi, makamaka m'madzi odekha, osaya, a pafupi ndi midzi. Amene wasamba masiku angapo achite bwino kukayezetsa akabwerera.

Kumafikika bwanji, nanga magetsi aliko?

Njira yodziwika ndi sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, kuchokera ku Monkey Bay kukafika kumpoto n'kubwerera, ndipo imaima pa zilumba zonse ziwiri. Palinso maboti ena ochokera ku Nkhata Bay, ndi bwalo la ndege laling'ono pa Likoma limene kwenikweni limathandiza alendo okaona malo. Kwa zaka zambiri sitima inkaima pamadzi, anthu ndi katundu n'kumatsikira m'maboti aang'ono, nthawi zina usiku, mafunde akugwedeza, kenako n'kumaponda m'madzi mpaka kugombe, agogo ndi makanda omwe. Tsiku la sitima ndi tsiku limene chilumba chonse chimatsikira kudoko. Ndandanda ya maulendo imasintha, choncho funsani ku Nkhata Bay musananyamuke, ndipo musapangane ndi munthu kumtunda tsiku lomwe mukuyembekeza kubwerera.

Magetsi kale ankachokera ku majenereta a dizilo amene ankazimitsidwa usiku. M'zaka zaposachedwa kunaikidwa makina opangira magetsi a dzuwa pa zilumba zonse ziwiri, ndipo zinthu zinasinthako, makamaka kuchipatala ndi kwa osunga nsomba.

Nthawi yabwino yopitako ndi iti?

Zimatengera chimene mukufuna. Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi zitunda zimakhala zikadali zobiriwira, mpweya uli woyera, mapiri a kutsidya akuoneka mpaka mikwasa yake. Juni ndi Julayi kumazizira bwino koma mwera ukhoza kukusungani masiku amene simunakonzekere. Seputembala ndi Okutobala nyanja imadekha ndipo madzi amayera kwambiri, ngakhale kumatentha ndipo utsi wa moto wa tchire umabisa mapiri. Wofuna mango, nkhungu ndi mitambo ikuluikulu ya mvula yoyenda pamwamba pa nyanja apite mu Disembala, atakonzekera kunyowa.

Kodi gombe limasintha?

Limasintha chaka ndi chaka. Madzi a m'nyanja amakwera mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika pofika Novembala ndi Disembala, ndipo kusiyana kwake kumakhala pafupifupi mita imodzi. Pa miyala pamatsala mzere woonetsa pamene madzi anafika. Pamwamba pa kusinthasintha kwa pachakaku palinso kwa zaka zambiri. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri kuposa mmene inachitira kwa zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo inameza mchenga ndi kulowa m'nyumba m'madera ambiri a m'mbali mwake. Kumtunda munthu akhoza kusamukira patsogolo. Pachilumba, kuseri kwa nyumba kuli munda wa mnansi, kuseri kwa mundawo kuli thanthwe, ndipo doko likamira, matandala ndi mabwato a mudzi wonse amayenera kupanikizana pa kamchenga kamene katsala. Amene akumanga nyumba yatsopano pa Likoma kapena pa Chizumulu masiku ano amayamba wafunsa akuluakulu pamene madzi anafikapo m'zaka za m'mbuyo, asanakumbe maziko.